Kalavani ya Achemwali ndi Mphepo ya ku Lifuwu

Foni ya achemwali anga a Felesiya inandipeza ndili m'kalasi, choko chili m'manja. Iwo saimba nthawi ya ntchito, ndiye nditangoona dzina lawo ndinadziwa kuti sikuli bwino. Ndinauza ana kuti azikopera za pabolodi, n'kutuluka panja.

"Achimwene, nyumba ija yagwa," anatero, mawu ali phee ngati akunena za nkhuku yosochera. "Ine ndili moyo. Ndinatuluka kukamasula mbuzi, khoma n'kugwa kumbuyo kwanga."

Munali mu Januwale, mvula itagwa masiku angapo osalekeza. Ife kwathu ndi kumtunda, chakufupi ndi Dowa, koma achemwali anatengedwa chitengwa kupita kwa amuna awo ku Lifuwu, m'mbali mwa nyanja ku Salima. Amuna awowo anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Mwamwambo akanawasudzula kuti abwerere kwathu, koma achibale a malemu anawalola kukhala chifukwa nyumba ija anaimanga awiri, ndipo munda wa mpunga ndi umene unkaphunzitsa mwana wawo Tiyanjane kusekondale. Tsopano nyumba inali mulu wa dothi. Achemwali ankagona m'khitchini mwa alamu awo a Jere, mkulu wake wa malemu, pamodzi ndi nkhuni ndi nkhuku.

A Jere si munthu woipa, ndisawanamizire. Koma tsiku lina anawauza mwaulemu kuti, "Mlamu, chimene chimakusungani kuno inali nyumba ija. Malichi akatha tikuperekezani kwanu." Aliyense anamva chimene sichinanenedwe: wochoka sanyamula munda.

Akazi anga anasesa kachipinda kena kwathu ku Chilomoni n'kuyalamo mphasa. Ndinawachonderera achemwali kuti abwere ku Blantyre. Anakana. "Ndikangochoka pano, mpunga wanga adula ena, ndipo Tiyanjane sukulu yathera pomwepo. Ndipezereni pogona basi, ngakhale pakhale ngati khola." Zomanga zinali zosatheka. Njerwa ingaume bwanji pakati pa dzinja?

Kuseri kwa sukulu yathu kunali kalavani, kanyumba ka matayala awiri kochita kukoka ndi galimoto. Inasiyidwa ndi anthu amene ankatimangira makalasi, ndipo kwa zaka inangokhala pamenepo nkhuku za alonda zikuikiramo mazira. Ndinasakasaka mwini wake mpaka kumupeza, ndipo anandigulitsa mokondwa ngati ndamuthandiza kutaya zinyalala. Ndinaikolopa, ndinamata mazenera, ndinagula loko watsopano. M'kati munali bedi, kashelefu, ndi malo oti munthu aimirire osawerama.

Woikoka ndinapeza a Mbewe, a pikapu yakale yonyamula mchenga ndi njerwa. A Mbewe ndi munthu wosadziwa kudandaula. Chilichonse chikavuta amangoti, "Zing'onozing'ono izo, aphunzitsi."

Sabata ya ulendo wathu wailesi inayamba kulengeza kuti kunyanja ya mchere kwabuka namondwe, ndipo akhoza kulowa m'dziko muno. Akazi anga anati tidikire. Koma Malichi anali atafika kale pakati, ndipo ine ndinawerengera mwauphunzitsi: namondwe amakonda kumwera, ife tikupita kumpoto, ndiye kuti tikumuthawa. Ndimaphunzitsa sayansi m'sitandade seveni, ndipo masiku amenewo ndinkakhulupirira ndithu kuti mphepo ndimaidziwa.

Tinanyamuka Lachisanu mmawa. Pikapu inkayenda ngati ikupita kumaliro, kalavani ikubwera m'mbuyo gwedegwede. Pa Lirangwe ndi pa Mdeka anthu ankasiya malonda kutiyang'ana. Pa Zalewa wapolisi wina wamayi anatiimitsa, n'kuizungulira kalavani kawiri.

"Muli ndani m'menemu?"

"Mulibe munthu, bwana. Ndi nyumba ya achemwali anga."

Ndinatsegula. Analowa, anasuzumira pansi pa bedi, n'kutuluka ndi dzira limodzi limene ine pokolopa sindinalione. "Nyumba ya mwayi iyi," anatero akundipatsa, "yabwera ndi ndiwo zake zomwe. Yendani bwino, koma mwamva za mphepo?"

Tinati tamva.

Vuto loyamba linali mafuta. Ponyamuka a Mbewe anati alipo okwanira, koma anawerengera pikapu yopanda nyumba kumbuyo. Tisanafike pa Chingeni muvi woonetsa mafuta unali utagona. Pamalo omwetsera mafuta tinapeza mzere wa galimoto wokhota mpaka kuseri kwa magolosale. Anyamata a pampopi anati thanki ili m'njira. Mawu akuti "ili m'njira" ndi otakata, abale. Munthu ukhoza kukalamba uli m'kati mwake.

Tinaima pamzere kuyambira masana. Pasanapite ola, mayi wina anafika ndi mwana kumsana, buku la kusikelo lili m'manja.

"Adokotala, sikelo muyamba nthawi yanji?"

Ndisanayankhe, mkulu wina anali atapinda kale mkono wa malaya kuti ndimuyeze kuthamanga kwa magazi. Wina anafunsa ngati tchipisi tayamba kukazinga. A Mbewe anali gada ndi phwete pampando wawo, osandithandiza n'komwe. Ndinachita kuimirira pakhomo la kalavani n'kufotokozera gulu lonse, ngati pa asembule, kuti iyi si chipatala, ndi nyumba ya mayi wamasiye amene yake inagwa ndi mvula.

Anthu anabalalika, koma mayi wa mwana uja anatsala. Anapempha kuti aone m'kati. Anaima pakati, anayang'ana kudenga, anagogoda khoma ndi chala.

"Ifenso yathu inagwa chaka chatha," anatero. "Mpaka lero tili m'chisakasa cha pulasitiki." Anatembenukira kwa ine. "Mukafike nayo yamoyo, bambo. Musakaigwetse panjira."

Anapita, ndipo patapita nthawi anabweranso ndi zimanga zinayi zophika. Anakana kuti timulipire. Ndinadya chimanga chija mtima uli wolemera, chifukwa mpaka pamenepo zoti kalavani ingagwe ndinali ndisanaziganizepo.

Thanki sinabwere tsiku limenelo. Tinagona pamzere pomwepo, a Mbewe m'pikapu, ine pabedi la achemwali. Mafuta tinathira Loweruka dzuwa litakwera kale, tsiku lathunthu litatayika. Akazi anga anaimba kuti ku Blantyre mvula ikugwa ya mphepo, malata akuuluka. Wailesi inati asodzi asayerekeze kulowa m'nyanja. A Mbewe anati zing'onozing'ono.

Titadutsa pa Chingeni tinakhotera msewu wa ku Salima. Chakumadera a Bilira, pamene dziko limangoti see popanda phiri lotchinga, mphepo inayamba kutikankha cham'mbali. Padenga la kalavani pali kachitseko kolowetsera mpweya, ndipo kanayamba kumenya: pha! pha! pha! Lole ikatidutsa, kalavani inkagwedeza mchira mpaka pikapu kumva. Tinaima.

Apa ndi pamene nzeru zanga zinabwera, ndipo ndikuzinena ndi manyazi. Kwathu kumtunda denga la malata likamasewera ndi mphepo timalitsindika ndi miyala. Bambo athu ankatero, ine ndinakula ndikukweza miyala padenga chaka ndi chaka, ndipo nyumba za m'mbali mwa msewu umenewo zinali ndi miyala ndi matayala akutha pamwamba. Ndinati, "A Mbewe, denga ndi denga."

Tinatola miyala ikuluikulu, tinadzaza matumba anayi amene a Mbewe amanyamulira mchenga, tinawakweza padenga thukuta lili kamukamu, n'kumanga ndi malegeni ndi linya. Poika thumba lachinayi denga linalira kuti fwo, n'kulowa pang'ono. Tinayang'anana. Kachitseko kaja kanasiya phokoso, ndipo ine ndinakwera m'galimoto ndikudzimva kuti sukulu sinapite pachabe. Zoona, kalavani tsopano inkapendama mwaulesi, ikapita uku kuchedwa kubwerera, koma ine ndinati ndi maenje a mumsewu.

Pa Kasinje tayala la kalavani linaphulika. Wokonza matayala wa pamenepo analiyang'ana n'kupukusa mutu kuti laling'ono chotere sanalionepo, si la galimoto, si la wilibala. Analimata ndi chigamba cha tayala lakutha, ntchito ya maola awiri, akutifunsa kuti, "Koma mwanyamulamo chiyani cholemera chonchi?" Ine ndinayang'ana kumbali.

Pa Golomoti, pamphambano ya msewu wochokera ku Monkey Bay, panaima mkulu wina wa kofia, pambali pake pali mkombero waukulu wa chingwe chobiriwira, chonenepa ngati chala chachikulu. Anatibaya. A Mbewe anayamba kuponda buleki.

"Ayi, a Mbewe," ndinatero. "Talemedwa kale. Tayala lija ndi lachigamba."

"Aphunzitsi, miyala mwaikweza ulere, munthu mukumukana?"

Mkuluyo anali Che Amidu, msodzi wa ku chilumba cha Mbenji. Kuchilumbako nthawi ya dzinja amatseka, palibe woponya khoka, ndiye anapezerapo mpata wokagula chingwe cha khoka lake kwa mbale wake ku Monkey Bay. Minibasi imene anakwera inathera mafuta pa Golomoti pomwepo. Kwawo kunali kugombe lina chakufupi ndi Lifuwu. Atatipatsa moni anakweza maso padenga la kalavani, n'kukhala akuyang'ana nthawi yaitali.

"Bwato ili mwalipakira kumutu bwanji?"

Ndinawafotokozera bwinobwino, mwa sitandade seveni, kuti kulemera kumakanikiza denga kuti mphepo isalinyamule.

"Eya," anatero. "Inu ndi aphunzitsi."

Kuyankha kumeneko kunandibaya. Tinapanikizana atatu kutsogolo. Njira yonse ya Mua ndi Mtakataka iwo maso anali pagalasi loonera kumbuyo, akachoka apo kumitambo. Pa Chipoka nyanja inaonekera, yotuwa, mafunde ali ndi thovu kumutu, popanda bwato ngakhale limodzi.

"Namondwe mwini wake sanafike," anatero Che Amidu. "Awa ndi amithenga chabe. Mukanandimvera, mukanagona pa Salima, nyumbayi muibise kuseri kwa khoma lalitali."

Ndinakana. Tinali titataya kale tsiku, a Mbewe anali ndi ntchito Lolemba, ndipo achemwali anali akudikira. Kunena zoona, ndinakananso chifukwa ananena ndi iwo.

Achemwali tinawapeza pa depoti ya Salima. Anabwera pakabaza dzulo lake, anadikira mpaka madzulo, anabwerera, lero n'kubweranso. Anali ataonda, khosi litatalika, ndipo mtima unandipweteka kuwaona. Sanandipatse moni wautali. Anapita pa kalavani, anaizungulira pang'onopang'ono akuisisita ndi chikhatho, n'kuima pakhomo.

"Ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi, achemwali."

"Ili ndi chitseko," anatero, ngati akudziuza okha.

Kutsogolo kunalibe malo a anthu anayi. Ndinasiyira akuluakulu, ine n'kukwera kumbuyo kwa pikapu, kukhala pa chingwe cha Che Amidu, nkhope itayang'ana kalavani. N'chifukwa chake zimene zinachitika ndinaziona ndekha.

Tinatsata msewu wa ku Senga Bay, kenako tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa ku Lifuwu, umene tsiku limenelo unali wamatope. Nthawi inali cha m'ma fili koloko. Tinatulukira padambo la mpunga, poyera, popanda mtengo. Mphepo inabwera kamodzi kuchokera kunyanja, n'kumenya kalavani m'nthiti. Ndinaona tayala la mbali ya kunyanja likunyamuka. Ndinaona kuwala pansi pake. Matumba anga a miyala anapendekera mbali inayo, nyumba yonse inaima pa tayala limodzi lachigamba lija, ikuganiza. Kenako inabwerera pansi kuti khu!

Ndinamenya denga la pikapu ndi manja onse awiri. A Mbewe anatuluka, anayang'ana mkwasa wa tayala m'matope pamene unadukira n'kuyambiranso patsogolo. Ndinadikira kuti anene mawu awo aja. Sananene.

Kwa achemwali kunatsala mtunda woti wapansi ayende ola limodzi, koma kunyanja kunali kutada bii, ndipo mdimawo unkabwera. Patsogolo pang'ono panali kanjira kotsikira kugombe, pamene panali mabwato okokeredwa kumtunda, kamzikiti ka njerwa, ndi mtengo waukulu wa mango. Tinakhotera kumeneko. Ine ndinalumpha n'kuyamba kulamula: "Pansi pa mango apo, a Mbewe! Muiimike chopingasa, mtengo uitchinge!"

Che Amidu anatsika. Mawu awo anali atasintha.

"Aphunzitsi, tsiku limene ndidzabwere m'kalasi mwanu ndidzakhala pansi n'kukumverani. Pano ndi pagombe."

Ndinasuntha n'kuwapatsa malo.

Anaimba likhweru, ndipo asodzi asanu amene ankasoka maukonde pakhonde la mzikiti anabwera akuthamanga. Limenelo linali gombe la kwawo kwa Che Amidu. Anawauza mwachidule kuti iyi ndi nyumba ya mayi awa, amasiye, ndipo ikagwa alibe ina. Zimenezi achemwali anali atawafotokozera m'galimoto. Palibe amene anafunsa zambiri. Awiri anathamangira makasu.

Choyamba anatichotsa pamtengo. "Mango amagwetsa nthambi," anatero. Anatsogolera a Mbewe pamchenga poyera, akuwakodola ndi dzanja, mpaka pikapu ndi kalavani zinaloza kumene mphepo inkachokera. "Bwato silipatsa mafunde nthiti, limawapatsa mphuno. Musaimasule kugalimoto. Galimoto ikhale patsogolo, iziyamba ndiyo kumenyedwa."

Kenako analoza padenga. "Tsitsani manyazi awo."

Ndinakwera ndekha. Ndinadula malegeni ndi linya, ndikutsitsira asodzi matumba limodzilimodzi, iwo akuyesetsa kubisa kuseka. Pamene panali thumba lachinayi denga linali litalowa ngati mbale, pakati pali kamng'alu. Ndinkaganiza kuti miyala itayidwa, koma Che Amidu anati ilowe m'kati, iikidwe pansi, pamwamba penipeni pa matayala.

"Miyala yanu si yolakwa," anatero. "Mwangoiika kolakwika. Cholemera chimakhala pansi. Wosenza mtolo pamutu ndi amene amayamba kugwa."

Tinawonjezera matumba a mchenga. Kachitseko ka padenga ndinakamanga cham'kati ndi linya, mazenera ndinatseka, chitseko ndinakhoma, kiyi m'thumba. Tinatsitsa miyendo inayi yachitsulo yochirikiza kalavani n'kuipondetsa pa matabwa a bwato lakutha, matayala tinawakwirira ndi mchenga mpaka theka. Nthawi yonseyi asodzi ankakumba maenje anayi, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, akuya mpaka m'ntchafu. Anabweretsa zipika zimene amagubuduzirapo mabwato powakokera kumtunda. Chipika amachimanga chingwe pakati, amachigoneka m'dzenje chopingasa, amakwirira n'kupondaponda. Anati ndi mmene amamangira bwato pagombe lopanda mtengo.

Chingwe chokwanira panalibe. Che Amidu anatsitsa mkombero wawo uja m'pikapu, anaumasula, anayeza ndi mikono, natulutsa mpeni.

"Che Amidu, chingwe chanu chatsopano!" ndinatero.

"Bisimila," anatero, n'kudula. Anadula katatu. "Chingwe timalumikiza, aphunzitsi. Gwirani uko."

Zingwe anazimanga kuzitsulo za pansi pa kalavani, osati kumakoma, ndipo ziwiri anazidutsitsa pamwamba pa denga atayalapo matumba kuti zisacheke. Mfundo zake sindinazionepo chibadwire. Ankamanga, n'kuponda chingwe ndi phazi, n'kukokanso, mpaka chinkalira akachikhudza.

Mfundo yomaliza isanathe, mwini wake anafika. Mchenga unayamba kutiboola m'miyendo, mvula inabwera chogona, nyanja ndi thambo zinasanduka chinthu chimodzi. Asodzi anakuwa kuti tonse tithawire kuseri kwa mzikiti. A Mbewe anatsalira m'pikapu phazi lili pa buleki. Ine nditathamanga pang'ono ndinacheuka, ndipo ndinaona achemwali ali pakhomo la kalavani, akulimbana ndi loko.

Ndinabwerera. "Achemwali, tiyeni!"

"Tsegulani ndilowe. Ndikhala m'katimo, ndiwonjezere kulemera."

"Sizingatheke!"

"Iwe Lameki, tsegula!"

Chikwatirire ine, anali asananditchulepo dzina. Madzi ankayenderera kumaso kwawo, sindikudziwa ngati inali mvula yokha.

"Yoyamba inagwa ine ndili panja ndikuonerera," anakuwa. "Iyi sindionerera!"

Dzanja langa linali litagwira kale kiyi m'thumba, ndipo sindikudziwa chimene ndikanachita. Che Amidu anafika atawerama, kofia ili m'manja.

"Mayi, ikagubuduka inu muli m'kati, mpunga mudzadula muli kumanda? Ngati mukufuna kuigwira, bwerani muigwire pogwirika."

Anawatengera kutsogolo, pambali pa pikapu, pamene tinakwirira chipika cha kudzanja lamanja. Mchenga wa pamenepo unali utayamba kung'aluka, chipika chikufuna kutuluka. Anawakhazika pamwamba pake, msana atatsamira galimoto, mutu pansi. Ine ndinakhala pambali pawo. Che Amidu anazungulira kukakhala pa chipika cha kumanzere, ndipo asodzi awiri ataona zimenezo anabwerera kudzakhala nawo.

Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji, mwina ola. Zingwe zinkalira. Mphepo ikakoka mpweya n'kubweranso, kalavani inkanjenjemera yonse, ndipo pansi pathu ndinkamva chipika chikusuntha ngati chamoyo. Lata la nyumba ya wina linadutsa m'mwamba likuzungulira. Kumango kuja kunamveka kuthyoka, ndipo nthambi yonenepa ngati thupi la munthu inagwa pamalo amene ine ndinalozera a Mbewe. Ndinachita mantha, abale, mantha enieni.

Achemwali anagwira chingwe ndi manja awiri. Ndinamva akuyankhula, ndipo ndinayesa akupemphera. Nditasendeza khutu ndinamva kuti akuyankhula ndi malemu amuna awo.

"Bambo a Tiyanjane, gwirani uko. Ine ndagwira kuno. Musandisiyire ndekha, gwirani uko."

Ndinalira. Mwamwayi mvula inandibisa.

Kenako mphepo inayamba kupumira patalipatali, mpaka inatsala mvula wamba yogwa choimirira. Tinadzuka miyendo itachita dzanzi. Kalavani inali pomwe tinaisiya. Zikhatho za achemwali zinali zitasupuka, koma sanazione n'komwe. A Mbewe anatuluka m'pikapu akutsimphina, mwendo wa pa buleki utauma, n'kunena ndi mawu otsika kuti, "Izi ndiye sizinali zing'onozing'ono." Asodzi anafa nako kuseka, ndipo achemwali nawonso anaseka, koyamba chifikire ife.

Che Amidu anayendera mfundo zonse n'kunena kuti, "Alihamudulila." Analetsa zomasula tsiku limenelo, ati mphepo imabwerera kudzatenga chimene yaiwala. Tinagona kwa abale awo pagombe pomwepo.

Mmawa tinafukula zipika. Ndinawauza kuti ndikawagulira chingwe china. Anapukusa mutu, anapinda zidutswa ziwiri n'kuika paphewa, zina ziwiri n'kupatsa achemwali. "Izi ndi za nyumbayi. Mukafika mukaimange chimodzimodzi, mphuno kunyanja. Dzinja silinathe." A Mbewe anandikodola ndi chigongono. "Aphunzitsi, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Uja munkafuna kumusiya pa Golomoti uja."

Mtunda wotsalawo tinauyenda mokankha, matope mpaka m'mawondo, anthu a m'njira akutithandiza. Tinaiimika kalavani pambali pa mulu wa nyumba yakugwa ija. Achemwali sanadikire munthu. Anakulunga nsanza m'zikhatho, anatenga khasu, n'kuyamba kukumba dzenje loyamba.

A Jere anabwera manja ali kumbuyo. Anatipatsa moni, anaizungulira kalavani, anasuzumira pazenera.

"Mlamu," anatero, "imeneyi ndi nyumba?"

Achemwali anaweramuka. "Ili ndi denga, alamu. Ili ndi chitseko."

A Jere anatembenuka n'kumapita. Mtima wanga unagwa. Koma posakhalitsa anabweranso, khasu lili paphewa, akukoka chipika cha mtengo. Anafunsa kuti dzenje lachiwiri likhale pati. Za kutha kwa Malichi sanazitchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Tikumaliza kumanga kunawaza kamvula, ndipo m'kati munayamba kudontha, malo amodzi okha, pa kamng'alu ka thumba lachinayi. Achemwali anatchera beseni. "Apa ndi pa sayansi ya achimwene," anauza amayi amene anadzaona nyumba, ndipo mpaka lero amapatchula choncho, ngakhale ndinapamata ndi phula.

A Mbewe analiza injini. Ndinatsanzika, ndinakwera, koma achemwali anabwera pazenera n'kutambasula chikhatho chawo chomanga nsanza chija. Ndinayesa akufuna kugwirana chanza.

"Kiyi," anatero.

Ndinali nditaiwala kuti akadali m'thumba mwanga. Anamulandira ndi manja awiri, anamumangirira pakona ya chitenje, mfundo ziwiri, n'kusomeka m'chiuno.

"Mukawauze alamu anga ku Chilomoni kuti zikomo," anatero. "Mphasa ija apinde."

Sanatiperekeze. Pikapu ikutembenuka ndinawaona akukhoma chitseko. Anachikoka kawiri kuti aone ngati chagwira, anatola khasu lawo, n'kulowera kumunda wa mpunga.